SUMMIT kapena Edge: tikiti imodzi yokwera pamwamba pa New York mugule iti?

Kuyambira 2014 kufika pano, mzinda wa New York wawonjezera nyumba zosanja zingapo zopitirira mamita 300, ndipo eni ake ena anaona kuti nsanjika zapamwamba zingathe kumabweretsa ndalama tsiku ndi tsiku kuchokera kwa alendo olipira pakhomo. Mwa malo atsopano oterewa oonerapo mzinda kuchokera pamwamba, awiri amene akukoka anthu kwambiri ndi SUMMIT, pamwamba pa One Vanderbilt, ndi Edge, pa 30 Hudson Yards. Mapulani a nyumba zonse ziwiri anajambula ndi kampani imodzi, Kohn Pedersen Fox. Mitengo ya matikiti siisiyana kwenikweni, ndipo sitima yapansi panthaka nambala 7 imachoka pakhomo pa ina kukakutulani pafupi ndi inzake. Amene ali ndi ndalama ya tikiti imodzi yokha, nafuna kuona ndi maso m'mene mzindawu ukumangidwira, apite ku SUMMIT, ndipo apite m'mawa. Chomwe mukulipira kumeneko ndi malo pomwe nyumbayo yaima. Akalilole amene anaitchukitsa pa Instagram ndiwo mbali yake yofooka.

One Vanderbilt ndi yotalika mamita 427, ya kampani ya SL Green, ndipo inatsegulidwa mu Sepitembala 2020 moyandikana ndi siteshoni ya Grand Central pa 42nd Street. Kuti aloledwe kumanga motalika chonchi, eni ake anavomera kuika madola pafupifupi 220 miliyoni pokonza masitepe, makonde ndi njira zolowera kusitima. Musanalowe, imani kaye pabwalo la oyenda pansi pakati pa nyumbayi ndi siteshoni. Kunsi kwa nyumba anakudula mopendekeka kuti ngodya ya siteshoni yakale ya 1913 izioneka, ndipo pakati pa mawindo anaikapo timatailosi tadongo lowotcha tofanana mtundu ndi zomangira za siteshoniyo. Zimenezi n'zaulere, ndipo alendo ambiri amangodutsa osakweza maso.

SUMMIT inayamba kulandira anthu mu Okutobala 2021. Khomo lake lili pansi, kumbali ya makonde a Grand Central, osati pa chitseko chachikulu cha maofesi. Mukafika amaona tikiti yanu pafoni, amasecha zikwama, amakuvekani kachibangili padzanja, kenako amakupatsani timatumba tansalu tovala kunja kwa nsapato kuti musakande galasi la pansi. Nsapato za gogoda zosongoka ndi majombo okhala ndi chitsulo saloleza, chimodzimodzinso zikwama zikuluzikulu ndi miyendo yoimikira kamera. Amayi, valani thalauza kapena kabudula wam'kati: pansi ponse ndi kalilole, ndipo siketi, diresi kapena chitenje zimaonetsa zonse kwa aliyense woyang'ana pansi. Eni malo amachenjeza zimenezi patsamba lawo, koma ambiri amazindikira atafika kale. Chikepe chimathamanga moti makutu amatseka. Mezani malovu kawiri katatu, atseguka. Chimakutulani pa nsanjika yolembedwa 91, ngakhale nsanjika zenizeni za nyumbayi sizifika pamenepo. Omanga nyumba zoterezi amadumpha manambala, popeza nsanjika zina ndi zazitali kuposa zinzake ndipo nambala yaikulu imagulitsa malonda.

Chipinda choyamba, chokonzedwa ndi katswiri wa zaluso Kenzo Digital, chili ndi akalilole pansi, padenga ndi m'makoma, nsanjika ziwiri zolumikizidwa ndi mabowo aakulu ozungulira. Kwa mphindi zisanu zoyamba chimadabwitsadi. Vuto limayamba mukafuna kuyang'ana mzinda weniweniwo. Dzuwa likawala, kuwala kumabwerezedwa mbali zonse mpaka maso kuchita misozi, n'chifukwa chake magalasi a dzuwa ndi ofunika kunyamula. Usiku nyali zamitundumitundu za m'chipindamo zimaonekera pa mawindo, ndipo chithunzi chilichonse chimatuluka ndi mizukwa ya anthu oima kumbuyo kwanu. Njira yake ndi kugunditsa foni pagalasi penipeni n'kutchinga m'mbali ndi dzanja kapena jekete yakuda. Anthu ambiri amagona pansi pakati pa chipinda kudzijambula, ndiye m'mawindo mumapezeka malo. Pitani kumeneko. Dziwaninso kuti ulendo wake ndi wopita kutsogolo kokha: mukakwera pa nsanjika yotsatira simubwereranso m'mbuyo, choncho musachoke pawindo musanakhutire.

Pawindopo ndi pomwe tikiti imabweza ndalama zake. Kum'mawa, nsonga yonyezimira ya Chrysler Building ya 1930, yotalika mamita 319, ili pafupi kwambiri moti mumaona timawindo take tamakona atatu kamodzikamodzi. Kummwera chakumadzulo kuli Empire State Building ya 1931, ndipo kutali kumapeto kwa chilumba cha Manhattan kwaima One World Trade Center ya mamita 541. Koma yofunika kuiyang'anitsitsa ili kumpoto, misewu yochepa chabe kuchoka pomwe mwaima: 270 Park Avenue, likulu latsopano la banki ya JPMorgan Chase, lotalika mamita 423, lojambulidwa ndi Foster + Partners ndi kutsegulidwa mu 2025.

Pamalo pamenepo panali nyumba ina ya mamita oposa 200, yomwe kale inali ya kampani ya Union Carbide. Anaiphwasula nsanjika imodziimodzi kuchokera pamwamba, popeza pakati pa mzinda wothinana chonchi simungaphulitse nyumba. Pansi pa malowo pamadutsa njanji zopita ku Grand Central, kotero maziko sangakumbidwe paliponse pomwe injiniya wafuna. Kulemera konse kwa nyumba kumatsikira pa malo ochepa pakati pa njanji, ndipo kuchokera pa malo amenewo mizati yachitsulo imatambasuka ngati zala za dzanja lotsegula kukanyamula nsanjika yoyamba ya maofesi mamita pafupifupi 24 kuchoka pansi. Mizatiyo muyenera kukaiona muli mumsewu, ndi ulendo wa mphindi zochepa wapansi. Kuchokera ku SUMMIT mumaona m'mene nyumbayo imachepera m'magawomagawo pokwera, ndi mtundu wake wa mkuwa woderapo. Kutalika kwake kunatheka chifukwa cha malamulo atsopano a dera la East Midtown a mu 2017. Ploti iliyonse mumzindawu ili ndi malire a kukula kwa nyumba yomwe ingamangidwepo, ndipo nyumba zakale zotetezedwa, zomwe sizingakwezedwe, zimaloledwa kugulitsa gawo lomwe sizinagwiritse ntchito. JPMorgan inagula gawo lotere ku Grand Central ndi ku tchalitchi cha St. Bartholomew's. Choipa chake kwa mlendo n'chakuti nyumbayi ndi yaitali kuposa pomwe mwaima, ndipo yatseka mbali ina ya kumpoto yomwe zithunzi zakale zotsatsa malonda zimaonetsa poyera.

Chakumadzulo kwake, m'mphepete mwa Central Park, kwaima nyumba zowonda za 57th Street. Central Park Tower ndi ya mamita 472. Inzake, 111 West 57th Street, ndi ya mamita 435, ndipo kutalika kwake kumaposa kutambalala kwake maulendo pafupifupi 24. Mdani wa nyumba yowonda chonchi ndi mphepo. Mphepo ikamenya nyumba imazungulira m'mbali n'kumapanga timikuntho mosinthanasinthana kumanja ndi kumanzere, zomwe zimaigwedeza chammbali. Nyumbayo siigwa, koma wokhala pamwamba amamva chizungulire. Mainjiniya amapachika pafupi ndi denga mulu wa zitsulo wolemera matani mazanamazana, woti nyumba ikapendekera uku iwo uzitsalira kapena kupita uko, n'kuchepetsa kugwedezekako. Pa 432 Park Avenue, ya mamita 426, anasiyanso nsanjika ziwiriziwiri zopanda mawindo m'malo angapo kuti mphepo izidutsa. Ngakhale zili choncho, mu 2021 eni mafulati a m'nyumbayo anasumira omanga, kudandaula za madzi odontha, phokoso la makoma ndi zikepe zoima mphepo ikakula. Ku SUMMIT palibe chikwangwani kapena wogwira ntchito woikidwa kuti akufotokozereni zoterezi mokwanira, ndipo pa mtengo umenewu chimenecho n'chosowa chachikulu. Werengani musanapite, kapena tsegulani mapu pafoni muli pawindo.

Zotsalazo n'zosiyanasiyana. Levitation ndi timabokosi tagalasi totuluka kunja kwa khoma, mamita 324 pamwamba pa Madison Avenue. Mumaima pamzere nthawi yaitali kuti mupatsidwe kanthawi kochepa, wogwira ntchito akuwerenga. Konzeranitu kamera musanalowe. Chipinda cha mabaluni asiliva ana amachikonda, akulu angadutse. Ascent, chikepe chagalasi chokwera kunja kwa nyumba mpaka mamita 369, amalipiritsa padera, ndipo chimene chimawonjezera pa zomwe mwaona kale n'chochepa. Nyengo ikaipa amachiimitsanso. Pa nsanjika yomaliza pali bala ndi khonde lapanja laling'ono, malo okhawo omwe mungapume mpweya wakunja. Zakumwa n'zodula. Ulendo wonse umatenga ola limodzi ndi theka kapena awiri.

Edge ndi yosiyana kotheratu, ndipo ngati funso likanakhala loti khonde lomangidwa bwino ndi liti, ikanapambana popanda mkangano. Inatsegulidwa pa 11 Malichi 2020, n'kutsekedwa patangopita masiku awiri chifukwa cha Covid-19, kenako kutsegulidwanso mu Sepitembala chaka chomwecho. Ndi khonde lamakona atatu lotuluka mamita pafupifupi 24 kuchoka pakhoma la nyumba ya mamita 387, pa nsanjika yolembedwa 100, mamita oposa 330 kuchoka pansi, popanda mzati wolichirikiza kunsi. Linapangidwa ku Italy m'zigawo 15 zachitsulo, zomwe anazikweza ndi kireni chimodzichimodzi n'kuzimanga ndi mabawuti m'mwamba momwemo. Zonse pamodzi zimalemera matani pafupifupi 350. M'mbali muli magalasi 79, lililonse lotalika mamita 2.7, opanda felemu, opendekera kunja pang'ono kuti munthu athe kutsamira n'kuyang'ana pansi. Pakati pa khonde pali kagawo kagalasi koyendapo, komwe mumaona magalimoto pansi pa mapazi anu. Dera lonse la Hudson Yards nalonso ndi ntchito yogometsa: mbali yaikulu yaima pa nsanja yachitsulo ndi konkire yophimba njanji 30 zosungirako masitima a Long Island Rail Road, yokhazikika pa mizati pafupifupi 300 yobooledwa pakati pa njanjizo mpaka pathanthwe, masitima akuyendabe.

Pakhondepo mumamva mphepo, malikhweru a masitima apamadzi ndi phokoso la mzinda, ndipo zithunzi zimatuluka bwino chifukwa mulibe akalilole kumbuyo kwanu. Koma nyumbayi ili kumapeto kwa chilumba, m'mphepete mwa mtsinje wa Hudson. Khonde limayang'ana kummwera ndi kum'mawa, kotero Empire State ndi kumunsi kwa Manhattan zimaoneka bwino, pomwe nyumba zatsopano za Midtown mumaziona patali, zitaunjikana pamodzi. Gawo lalikulu la zomwe zatsala ndi mtsinje ndi New Jersey. Kuti mukafike pachikepe mumayamba mwadutsa m'masitolo mpaka pa nsanjika yachinayi, ndipo potuluka mumadutsanso mogulitsira zikumbutso. Mphepo ikakula kapena kukachita ziphaliwali amatseka khonde lapanja, ndipo chotsala ndi chipinda chamawindo chosasiyana ndi china chilichonse. M'miyezi ya Disembala mpaka Febuluwale kuzizira kwa pamenepo sikufanana ndi kwa mumsewu. Chipewa chophimba makutu ndi magolovesi n'zofunika, apo ayi mphindi khumi sizikwana mwathawira m'kati. Palinso City Climb, yomwe amakumangani malamba n'kukwera masitepe akunja mpaka pansonga. Mtengo wake umaposa wa tikiti wamba kangapo, ndipo foni yanu simuloledwa kukwera nayo.

One World Observatory ya mu One World Trade Center, ya 2015, ili pamwamba kuposa awiriwa, ndipo chikepe chake cha masekondi 47 chimaonetsa m'makoma m'mene mzindawu wakulira kuyambira kalekale. Koma yonse ili kuseri kwa galasi, ndipo ili kutali ndi komwe makireni akugwira ntchito ku Midtown. Ndi yabwino kwa wofuna kuona doko, milatho ndi Statue of Liberty.

Za matikiti: ku SUMMIT ndi ku Edge komwe, mtengo umakwera nthawi yolowa dzuwa ndi kumapeto kwa sabata. Tikiti imakhala ya ola lake. Gulani pa tsamba la eni malo, ndipo werengani malamulo osinthira tsiku musanalipire, chifukwa kubweza ndalama chifukwa cha nyengo si chinthu chodalirika. Musagule sabata zambiri pasadakhale. Mitambo yotsika kapena chifunga zikabwera, pa mamita 300 mumangoona zoyera, ngakhale mumsewu kukuoneka bwinobwino. Dikirani mpaka patsale tsiku limodzi kapena awiri, onani zanyengo, ndipo tsiku lotsatira mvula, mphepo yozizira itachotsa chinyezi, ndilo loona patali. Ofuna kulowa kwa dzuwa akumbukire kuti ku New York mu Disembala limalowa cha m'ma 4:30 madzulo, pomwe mu Juni limafika 8:30, ndipo asungitse ola limodzi nthawiyo isanakwane, podziwa kuti ndi pomwe anthu amathinana kwambiri. Ku SUMMIT sankhani ola loyamba akangotsegula, pakati pa sabata: mizere ya Levitation imakhala yaifupi, magalasi amakhala asanadetsedwe ndi zala, ndipo dzuwa limakhala kum'mawa, likuwalitsa bwino 270 Park Avenue ndi nyumba za 57th Street. Mukatsika, yendani wapansi kukwera Madison Avenue mpaka 47th Street kuti mukaone mizati ija chapafupi.