Chaka ndi miyezi iwiri ku Bvumbwe: lendi ndi yotsika, koma minibasi ikudya

Tinasamuka ku Chilobwe mu Epulo 2023, patangopita mwezi umodzi chichitikireni namondwe wa Freddy. Nyumba yathu sinagwe, koma mayi a kunyumba ankati mvula ikangowaza usiku, tulo tonse balala, maso ali kuphiri la Soche. Titakhala milungu itatu ku Bvumbwe ndinkauza aliyense wondifunsa kuti tapeza pabwino: nyumba ya zipinda zitatu pa mtengo wotsikirapo kuposa umene ku Chilobwe tinkalipira ziwiri, bwalo loti ana n'kumathamangapo, usiku wa zii wopanda zimbale za kumabala. Ndinafulumira kuyamikira. Pano ndiye ndingalankhule ngati munthu amene waona dzinja, chisanu ndi chilimwe cha kuno.

Chete uja ndi weniweni, pamenepo sindinaname. Ikakwana 8 koloko usiku umangomva agalu ndi nkhululu basi. Ndiwo nazo sitidandaula. Kabichi, tomato, mpiru ndi karoti zimene anthu amakanganirana mu msika wa Limbe, zambiri zimachokera konkuno, ndiye ife timagula zisanakwere galimoto. Mkaka amatibweretsera pakhomo mnyamata wa panjinga, m'chigubu, udakali wofunda. Derali ndi la alimi, ndipo ngakhale siteshoni ya boma yofufuzira za ulimi ili pompano. Kuseri kwa nyumba tadzala nthochi ndi chinangwa, zimene ku Chilobwe kunalibe n'pobzala pomwe.

Koma walira mvula walira matope. Ine ndimagwira ntchito ku Ginnery Corner, ndiye kuti minibasi ziwiri popita, ziwiri pobwerera. Ndimadzuka kusanache, 5:30 ndili kale pasiteji. Ukalowa umapeza mpando wakumbuyo wadzaza matumba a kabichi, iwe n'kukhala mopendekeka bondo lili pa dengu la tomato la mayi wina amene akukuyang'ana ngati wamuphwanyira kale. Kondakitala sanyamuka mpaka anthu akhale anayianayi. Pa Chigumula imaimanso kudikira ena. Ukafika mu Limbe, kutsika, kuthamangira ina yodzera mu Chipembere Highway. Mtunda suli wautali kwenikweni, koma tsiku loipa ulendowu umandidyera ola ndi theka.

Nditasamuka ndinawerengera bwinobwino pa pepala kuti zotsala pa lendi zizikwanira thiransipoti n'kutsalako ya sopo. Masamu amenewo anagwira ntchito mpaka Novembala 2023, pomwe kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mafuta anakwera, mitengo ya minibasi nayo osanena. Ndipo mafuta akasowa m'mafilingi siteshoni, madzulo mu depoti ya Limbe kondakitala amangotchula mtengo umene wamubwerera m'mutu, iwe ukanenji poti kwada ndipo kwanu n'kutali. Miyezi ina ndikaphatikiza, ndimapeza kuti ndangosintha wolandira ndalama: kale anali landilodi, pano ndi eni minibasi.

China chimene palibe anandichenjeza ndi chiperoni. Juni ndi Julaye kuno si masewera. Kamvula kowaza kaja kamatha masiku atatu kapena anayi dzuwa osaoneka, yunifolomu ya ana osauma, makoma kuchita nkhungu kuseri kwa kabati. Tinagula mabulangete awiri owonjezera ndi mbaula yachiwiri. Kamsewu kolowera kwathu kuchokera pa tala kamaterera moti wa kabaza amakutsitsira panjira, n'kuti "bwana, apa pokha yendani pansi."

Magetsi amathimathima ngati kwina kulikonse. Netiweki ya foni ili bwino kufupi ndi msewu, koma kwathu kuti ndiyankhule bwino pa WhatsApp ndimakaima pafupi ndi mtengo wa mapeyala. Matenda aang'ono timapita pachipatala cha pafupi, koma mwana atadwala kwambiri usiku wina tinachita kudzutsa neba wa galimoto kuti atithamangitsire ku Blantyre.

Nebayo, bambo wachikulire wopuma pa ntchito, anakana ndalama ya mafuta. Anati, "Achimwene, mwaiwala kuti munakumba nawo manda a mlongo wanga?" Kuno maliro akachitika sungadutse ngati sukuona. Amfumu amadziwa amene wabwera ndi amene sanabwere, ndipo miyezi yoyamba zinkanditopetsa, Loweruka langa lokhalo lopuma n'kuthera kumanda. Usiku umenewo ndili pampando wakumbuyo mwana ali pamiyendo, sindinadandaulenso za Loweruka lija.

Amene amagwira ntchito mu Limbe, kapena ali ndi kagalimoto kake, kapena ntchito yake ndi ya pa kompyuta kunyumba, abwere, sadzanong'oneza bondo. Wa mashifiti a usiku mu Blantyre asayerekeze. Ife landilodi anabwera sabata yatha kudzafunsa ngati tipitirize chaka china. Ndisanatsegule pakamwa, mayi a kunyumba anali atayankha kale kuti nthochi zawo sizinapse.