Mancozeb pa tomato: amatchinga chiwawu, sachiza

Ufa wachikasu uwu ambirife timangoutchula kuti Dithane, potengera Dithane M-45 yemwe anayamba kugulitsidwa mu 1962, koma chogwira ntchito m'katimo ndi mancozeb, magalamu 80 pa magalamu 100 aliwonse a ufawo. Ndakhala ndikupopera mankhwalawa pa tomato ndi mbatatesi nthawi ya dzinja. Kwa mlimi wopopera msanga ndi abwino kwabasi, koma wochedwa amangotaya ndalama.

Mankhwalawa salowa m'kati mwa chomera. Amangokhala pamwamba pa tsamba ngati ambulera, ndipo timbewu ta chiwawu tikagwerapo timalephera kumera. Mancozeb ali ndi manganese ndi zinc, ndipo amasokoneza tizilombo ta matendawa m'malo ambiri nthawi imodzi, n'chifukwa chake patha zaka zoposa 60 chiwawu chisanawazolowere. Metalaxyl, mankhwala enanso a chiwawu omwe amalowa m'chomera n'kumenya malo amodzi okha, chiwawu cha mbatatesi chinali chitamuzolowera kale ku Ireland ndi ku Netherlands pofika 1980. Opanga Ridomil Gold MZ amaphatikiza mancozeb ndi mtundu wina wa metalaxyl (metalaxyl-M) pa chifukwa chomwechi.

Ndiye mukaona masamba ayamba mawanga akuda onyowa, kunsi kwake kuli nkhungu yoyera, dziwani kuti tsamba limenelo lapita. Mungopulumutsa omwe sanagwidwe. Ine ndimayamba kukangochita chinyezi, ndimabwereza pakatha masiku 7 mpaka 10, komanso mvula yamphamvu ikatsuka masamba. Masamba ophuka mutapopera kale amakhala pambalambanda. Nozo muziilozetsanso kunsi kwa tsamba.

Chondisowetsa mtendere n'chakuti ufawu susungunuka. Ndimayamba ndauponda m'timadzi tochepa, kenaka n'kuthira mu sipuleya, komabe ndikapanda kukhutchumula poyenda umadikha pansi, mizere ina n'kulandira madzi okhaokha. Mbozi ndi nsabwe za m'masamba ndiye sizimva n'komwe, musavutike.

Pakhungu amayabwa. Akamawonongeka amatulutsa poizoni wotchedwa ETU, yemwe amasokoneza chithokomiro, ndipo mayiko a European Union anakana kuwonjezera chilolezo cha mancozeb mu 2020. Magolovesi ndi chotchinga kumphuno sindisiya, masiku odikira musanakolole olembedwa papaketi ndimawatsatira, ndipo sipuleya sinditsukira kumtsinje chifukwa nsomba zimafa nawo. Paketi yotsala ndimaimanga bwino n'kuisunga pouma, popeza chinyezi ndi kutentha zimapha mphamvu ya ufawu.