The Wire, Law & Order, CSI kapena Chicago P.D.: muyambe ndi iti?

Masewero a pa TV anayiwa onse ndi a apolisi a ku America, koma amadya nthawi yanu mosiyana.

Law & Order, ya ku New York, inayamba mu 1990 ndipo ndi yosavuta kutsatira. Gawo lililonse ndi la mphindi pafupifupi 43: theka loyamba apolisi afufuza, theka lachiwiri oimira boma pa milandu alimbana kukhothi, nkhani yatha. Mutha kuyambira paliponse osasochera. Kuipa kwake n'kwakuti mukaonera magawo khumi mumayamba kulosera, chifukwa munthu woyamba kumukayikira nthawi zambiri sakhala wolakwa.

CSI ya ku Las Vegas (inatha mu 2015 itayenda masizoni 15) ndi yokongola m'maso, koma yabodza. Zotsatira za DNA zimatuluka tsiku lomwelo, pomwe m'malabu enieni zimatenga masabata, ndipo anthu otolera umboni ndi omwewo amene amafunsa mafunso oganiziridwa mlandu. Basi, yosangalatsa ana.

Pa Chicago P.D. ndi pomwe pali msampha. Seweroli linayamba mu 2014, ndipo Hank Voight, bwana wa gulu lofufuza, ndi munthu wokopa. Chomwe samakuuzani n'chakuti nkhani zina sizithera m'sewero lomwelo. Mu Okutobala 2019 kunali nkhani ya matenda odya mnofu yomwe inayambira mu Chicago Fire, n'kudutsa mu Chicago Med, kenako n'kuthera mu Chicago P.D. Ngati mwagula kapena kutsitsa sizoni 7 ya P.D. yokha, mufika pa gawo lachinayi n'kupeza mlandu uli kumapeto, anthu osawadziwa akuthamanga uku ndi uku, chiyambi chake chili m'masewero awiri omwe mulibe. Ndiye mugulenso, kapena muonongenso bandulo ina. Zoterezi zachitika kangapo, mpaka ndi Law & Order: SVU ya ku New York. Musanayambe sizoni iliyonse, onani kaye mndandanda wa magawo, mulembe omwe alumikizidwa ndi masewero ena komanso loyamba ndi liti.

China chonyansa: Voight amaopseza ndi kumenya oganiziridwa mlandu, ndipo seweroli limachititsa kuti nkhanzazo zizioneka ngati zikugwira ntchito. Kukhothi lenileni, kuvomera mlandu kochita kukakamizidwa kumatayidwa.

The Wire ndiye mfumu, osakangana. Ndi ya ku Baltimore, inaulutsidwa pa kanema wa HBO kuyambira 2002 mpaka 2008, magawo 60 okha m'masizoni asanu. Anailemba David Simon, yemwe anali mtolankhani wa nyuzipepala ya The Baltimore Sun, pamodzi ndi Ed Burns, yemwe anakhalapo wapolisi wofufuza milandu yakupha kenako mphunzitsi. Sizoni iliyonse imalowa mbali ina ya mzindawo: malonda a mankhwala ozunguza bongo, doko, ndale, sukulu, nyuzipepala. Mumaona mmene mabwana a apolisi amasinthira ziwerengero za milandu kuti akwezedwe pantchito.

Koma ili ndi malamulo ake. Yatsani mawu olembedwa pansi, chifukwa Chingelezi cha m'misewu ya Baltimore chimasokoneza ngakhale Amereka anzawo. Gawo limatenga pafupifupi ola, ndipo kumvetsera mafoni mobisa, komwe kunapatsa seweroli dzina, sikuyamba mpaka cha pakati pa sizoni yoyamba. Ena amasiyira pa gawo lachitatu. Limbikirani mpaka lachisanu ndi chimodzi, foni ili kutali, ndipo sizoni 2 ya kudoko musailumphe, chifukwa ndi yomwe imaonetsa njira yomwe mankhwala ozunguza bongowo amalowera mumzinda.