Maphunziro a makolo pa kaleredwe ka ana aja ndapitako, nazi zomwe ndaona

Makolo anzanga amene mumandifunsa za maphunziro omwe bungwe lina likuchititsa madzulo aja, ndawamaliza ndiye ndati ndikuuzeni. Pitani ndithu, koma pali chinthu chimodzi sichinandisangalatse ngakhale pang'ono, ndichinena kumunsiku.

Amayamba ndi kafukufuku wa ACE (za zowawa zomwe munthu anakumana nazo ali mwana) yemwe anachitika ku America kuyambira 1995 mpaka 1997, a CDC (bungwe la boma loona za matenda) ndi a Kaiser Permanente (bungwe la zachipatala) anafunsa akuluakulu oposa 17,000 zomwe anakumana nazo ali ana, kumenyedwa, kutukwanidwa, kugwiriridwa, kusasamalidwa, kuona mayi awo akumenyedwa, kukhala ndi kholo chidakwa kapena lomwe lili kundende, zonse pamodzi zilipo 10. Pafupifupi anthu awiri mwa atatu aliwonse anali atakumanapo ndi chimodzi, ndipo omwe zinawachulukira ndi omwenso atakula amapezeka kwambiri ndi matenda a mtima, nkhawa komanso uchidakwa. Aphunzitsi athu anafotokoza bwino zedi kuti mwana akamakhala mwamantha tsiku ndi tsiku thupi limangotulutsa cortisol (mchere wa mthupi womwe umatuluka munthu akapanikizika) osapuma, ubongo nkuzolowera kukhala tcheru basi, ndiye mkalasi samvetsera, usiku sagona, ife nkumati ndi wamwano chonsecho mwana ali ndi mantha.

Koma chomwe chinandigwira mtima kwenikweni ndi choti sanangotiopseza nkutisiya. Anatiuza zomwe akatswiri a ku yunivesite ya Harvard amanena, kuti ana ambiri omwe amadzuka nkupitiriza moyo bwinobwino atakumana ndi zowawa amakhala kuti anali ndi munthu wamkulu mmodzi yekha wodalirika yemwe sanawataye, kaya ndi kholo, agogo kapena aphunzitsi. Mmodzi basi. Ndiye nthawi yambiri timathera kuyeserera kukhala munthu ameneyo, osati kungolemba manotsi ayi. Amatiika awiriawiri, wina akhale mwana yemwe waponya kapu pansi chifukwa chokwiya, winayo agwade mpaka maso afanane ndi a mwanayo, atsitse mawu nkunena kuti "ndaona wakwiya, koma kuponya zinthu ayi, tola tikambirane". Zimaoneka zophweka koma yesani muone, ambiri mawu amangokwera okha osadziwa. Anatipatsanso ntchito yakunyumba yoti tsiku lililonse tizipatula mphindi zochepa foni ili kutali, mwana asankhe yekha masewera ife tizingotsatira osamukonza.

Phunziro la kupepesa ndi lomwe linabweretsa mkangano. Bambo wina anati iye sangapepese mwana, ulemu utha. Aphunzitsi sanawanyoze, anangoti palibe kholo lomwe silikalipa, chomwe chimasiya bala mumtima ndi kukalipa kenako nkukhala ngati palibe chachitika, pomwe ukabwerera mtima utatsika nkuti "ndinakukalipira mopyola, pepa, cholakwa chija tikonzabe koma ndimakukonda" mwana amaphunzira kuti anthu amayambana nkugwirizananso. Ine ndikugwirizana nazo ndi mtima wonse.

Tsopano chomwe chinandiwawa. Tsiku lina anatigawira mafunso a ACE aja kuti aliyense awerengere zake pagulu pomwepo. Mayi wina anangoti zii, pepala likunjenjemera mmanja, kenako anatuluka, ndipo panalibe mlangizi aliyense woti amutsatire, kalasi inangopitirira. Zimenezi si bwino. Mukafukula zakale za munthu mukhale okonzeka kumuthandiza, komanso anayenera kunena momveka kuti nambala ya zowawa zomwe wawerengera ija siilosera tsogolo la munthu, alipo ambiri omwe anakumana ndi zoopsa koma akulera ana awo bwino kwambiri. Za ana achisodzera anangodutsamo mothamanga, zambiri ndi za makanda ndi ana ang'onoang'ono.

Ndiye ngati muli ndi ana aang'ono, kapena mukuona kuti mkwiyo umakuposani mphamvu, lembetsani ndipo ngati nkotheka mupite nonse awiri ndi anzanu apabanja, chifukwa abambo analipo ochepa. Musanayambe funsani ngati pakhale mlangizi tsiku la mafunso lija. Ndipo ngati mwana wachitidwa kale nkhanza, makamaka kugwiriridwa, musadikire kalasi, mutengereni kuchipatala msanga ndipo mukanene kwa apolisi kapena oona za chitetezo cha ana.