Mosin, Mauser kapena Lee-Enfield: yogula ndi iti?

Amene akufuna mfuti yakale ya asilikali yotsika mtengo, yokoka bolt (chitsulo cholowetsa chipolopolo ndi kutsekera kumbuyo kwa mpope) ndi dzanja, nthawi zambiri amathera pa zitatu izi. Musanafunse mtengo wa mfuti, yambani mwafunsa za zipolopolo zake, chifukwa ndalama zimathera kumeneko.

Pa nkhani imeneyi Mosin-Nagant 91/30 ya ku Russia ndiye imapambana. Chipolopolo chake cha 7.62x54R chinayamba mu 1891 ndipo asilikali ena akuchigwiritsabe ntchito, choncho mafakitale sanasiye kuchipanga. Koma mfutiyo ndi yaliuma. Bolt imalimba mpaka nthawi zina kuimenya ndi chikhatho kuti itseguke, safety (loko yoletsa mfuti kuwomba mwangozi) kutembenuza kwake n'kovuta, ndipo paphewa imagunda ndithu. Mumalowa zipolopolo 5. M44, Mosin yaifupi, ndiye musanene, phokoso ndi malawi okhaokha.

Mauser K98k ya ku Germany, ya 1935, anaipanga mwaluso: bolt imagwira chipolopolo kuchokera m'magazini mpaka kutaya chikhokho chake. Osonkhanitsa zinthu zakale ndi amene anaikwezetsa mtengo. M48 ya ku Yugoslavia ndi mphwake wotchipirapo, chipolopolo n'chomwecho cha 7.92x57.

Koma kunena za kukoma powombera, mtima wanga uli pa Lee-Enfield No. 4. Zipolopolo 10, bolt yofewa ndi yachangu, komanso choyang'anira chakabowo chimene diso limazolowera msanga kuposa cha zinzake ziwirizi. Chodandaulitsa n'chakuti zipolopolo zake za .303 British zotsala kwa asilikali zinachepa kwambiri, ndiye mumagula zatsopano zodula. Polonga samalaninso: mkombero wa chipolopolo chapamwamba ukhale kutsogolo kwa chapansi, apo ayi zimakolana.

Wowombera kawirikawiri atenge Mosin. Wowombera mwa apo ndi apo sadzadandaula ndi Enfield.

Iliyonse imene mwasankha, chiphaso chikhale m'manja kaye, kenako unikani ndi tochi mkati mwa mpope. Thabwa lokandika si vuto, koma mpope wodyeka ndi dzimbiri sukonzeka. Dzimbirilo limabwera chifukwa zipolopolo zambiri zakale zimasiya mchere ukawomba, ndipo mcherewo umakoka chinyezi. Mafuta okha sauchotsa. Tsukani ndi madzi otentha tsiku lomwelo, umitsani, kenako pakani mafuta. Musanawombe koyamba, pukutani girisi yense wa cosmoline amene anapaka posunga mfutiyo, makamaka m'chipinda cha chipolopolo, ndipo wokonza mfuti ayeze headspace, mpata umene chipolopolo chimakhalamo bolt ikatsekedwa.