Kumanga njinga yamoto m'vani: chock ndi malamba, njanji, kapena zogwira zopanda malamba?

Anzanga ambiri akagula vani yonyamulira njinga yamoto amathamangira mashelefu ndi magetsi, pomwe funso loyamba ndi lakuti njingayo igwiridwa ndi chiyani. Njinga ya mpikisano wa m'matope imalemera pafupifupi makilogalamu 110, ndipo yamaulendo ataliatali ngati BMW R 1250 GS imafika pafupifupi 250 ikadzaza petulo. Muyezo wa ku Ulaya wa kamangidwe ka katundu, EN 12195-1, umawerengera kuti mukaponda mabuleki mwamphamvu katundu amakankhira kutsogolo ndi mphamvu yokwana magawo 8 mwa 10 a kulemera kwake, ndipo pokhota amakankhira m'mbali ndi theka. Ndiye kuti GS ija ikukankha ngati makilogalamu 200 kulunjika kumsana kwanu, ngozi isanachitike n'komwe. Njira zomangira zilipo zitatu, ndipo sizifanana.

Yoyamba ndi yakalekale ija: chock, chitsulo chomwe gudumu lakutsogolo limalowamo n'kukhazikika, pamodzi ndi malamba anayi okokera ku mphete zapansi. N'njosavuta, ndipo imalandira njinga iliyonse. Chock yabwino, yokhala ndi kachitsulo kogudubuzika kamene kamatsekera gudumu kumbuyo, imayimitsa njinga yokha inu mukukatenga malamba, zomwe zimathandiza kwambiri mukamapakira muli nokha. Vuto lake ndi mphete. Zomwe vani imabwera nazo kuchokera ku fakitale n'zolimba ndithu, koma zili m'makona, pomwe anaziyikira mapaleti ndi makatoni. Njinga imodzi pakati, zimagwira bwino. Mukati muyike ziwiri, lamba wa iyi amadutsa m'masipoko a inayo, wina amakhula pulasitiki, ndipo mumayamba kuwonjezera mphete apa ndi apo. Chock yomangidwa mpaka kalekale nayonso imasanduka chopunthwitsa tsiku lomwe mukufuna kunyamula zina.

Apa ndi pomwe njira yachiwiri, ya njanji zomangirapo, imapambana, ndipo ndi yomwe ine ndinakhazikikapo. Njanjizi zilipo mitundu iwiri. E-track ndi yachitsulo, yotambalala pafupifupi masentimita 13, yomwe imapezeka m'makoma a malole. L-track, imene inachokera ku njanji zomangira mipando m'ndege, ndi ya aluminiyamu, yopyapyala, ndipo mabowo ake atalikirana mamilimita 25. Pakhoma, E-track ilibe vuto: n'njolimba, ndipo zokolekera zake zimalowa ndi dzanja limodzi. Pansi ndiye imavutitsa. Imatumphuka, gudumu limagunda, ndipo mchenga ndi matope zikalowa m'mipata yake, dzimbiri limayamba. L-track mutha kuyimiza m'thabwa lapansi kuti ilingane nalo, njinga n'kudutsapo osamva kanthu. Mphete mumayisuntha pang'onopang'ono mpaka lamba atakoka pomwe mukufuna, ndipo chock nayo imamangika panjanji pomwepo n'kuchotsedwa ntchito ikatha. Lero njinga imodzi pakati, mawa ziwiri, ina yotsogola pang'ono kuti mahandulo asagundane. Musaiwale kuti mahandulo a njinga ya m'matope amatambalala pafupifupi masentimita 80, pomwe pakati pa zotchinga magudumu akumbuyo a vani ngati Sprinter kapena Transit pali mpata wosafika mita imodzi ndi theka. Kusuntha chock masentimita 20 okha kumasiyanitsa kulowa ndi kusalowa.

Koma apa ndiimepo kaye, chifukwa ndi pomwe anthu amadzinamiza. Njanji imalimba molingana ndi chomwe yamangidwapo. Ndinawonapo vani yokonzedwa mokongola, L-track yonyezimira mbali zonse, koma yomangidwa ndi masikuluwu a matabwa papulayiwudi chabe. Dalaivala ataponda mabuleki mwadzidzidzi, njanji inazuka ngati chinangwa cha m'dambo lonyowa, njinga n'kugwera inzake. Mabawuti ayenera kupyola thabwa ndi chitsulo cha pansi pa vani, kunsi kwake kukhale chitsulo chafulati chogawa mphamvu, chifukwa lata la pansi pa vani n'lopyapyala moti mutu wa nati wokha utha kuling'amba. Mabawuti akhale olembedwa 8.8 pamutu, chizindikiro cha kulimba kwake. Musanabowole, lowani kunsi ndi tochi muwone pomwe pali thanki ya mafuta, mapaipi a mabuleki ndi mawaya. Bowo lililonse lipakidwe penti yoteteza dzimbiri. Ntchitoyi imadya tsiku lonse, ndipo palibe njira yachidule.

Njira yachitatu ndi ya zogwira zopanda malamba. Lock-N-Load ya kampani ya Risk Racing imapana zopondapo mapazi za njinga ya m'matope, pomwe Trailer Restraint System ya Pit Bull imagwira pa ekiselo ya gudumu lakumbuyo. Kukoma kwake n'kwachidziwikire: mumakankhira njinga pamalo pake, mwatseka, mwatha. Palibe malamba otambalala, choncho njinga zimayandikana, ndipo mafoloko, mashoki ogwira gudumu lakutsogolo aja, sapanikizidwa ulendo wonse. Amene amanyamula njinga yomweyomweyo sabata iliyonse, makamaka ya mpikisano yokhala ndi mapulasitiki osafuna kukhudzidwa ndi lamba, sadzanong'oneza bondo. Koma zimadula kwambiri kuposa chock, ya Pit Bull imafuna mapini ogwirizana ndi mtundu wa njinga yanu, ndipo zonse ziwiri zimadalira chitsulo chomangidwa pansi pamalo amodzi. Njinga ya mnzanu ikafa panjira, iye n'kukuyimbirani, mubwereranso ku malamba. Ine njinga zimasinthasintha, n'chifukwa chake sindinapite kumeneko.

Pa malambawo, mkangano wa ratchet, lamba wolimbitsa ndi chogwirira chopukusa, ndi cam buckle, lamba wokoka ndi dzanja n'kupanidwa ndi kachitsulo, suutha. Ratchet imakoka mwamphamvu kuposa dzanja, ndipo mphamvu yomweyo ndi imene imapinda mahandulo kapena kutsitsa mafoloko mpaka pansi. Cam buckle imalimba mpaka pomwe thupi lanu lakokera, ndiye kuti n'kovuta kupyola muyezo. Kwa njinga yopepuka ndimasankha cam buckle, yolemera ndimayipatsa ratchet kutsogolo. Chomwe sindinyengerera ndi mbedza: ikhale ndi kotsekera. Vani ikagwa m'dzenje, mafoloko amatsika, lamba amakhwefuka kamphindi kochepa, ndipo mbedza yotseguka imavuka pomwepo. Panjinga penipeni gwiritsani timalamba tofewa tozunguliza, chitsulo chisakhudze chitsulo. Tsitsani mafoloko pang'ono, osafika theka, ndipo mukayenda mphindi khumi kapena makumi awiri imani muwonenso.

Pansi, pulayiwudi wa mamilimita 12 wokutidwa ndi phula lolimba lokhakhala amakwanira, ndipo wa 18 ndi wabwino ngati mukumizamo njanji, ngakhale amadya kulemera komwe vani imaloledwa kunyamula. Aluminiyamu wamizeremizere amaoneka bwino pachithunzi, koma akanyowa kapena kudonthera oyilo amaterera, ndipo amasokosa. Rampu yokwezera njinga m'vani tengani yaitali, yopindika pakati, kuti mimba ya njinga isagunde pakhomo, ndipo muziyimangirira ku vani nthawi zonse chifukwa gudumu lakumbuyo limayikankhira kunja.

Katundu winayo ndiye amaiwalika. Bokosi la masipanala losamangidwa limawuluka chimodzimodzi ndi njinga, ndipo kugunda chinthu pa liwiro la makilomita 50 pa ola kuli ngati kugwa kuchokera pamwamba pa mamita 10. Choncho khoma lachitsulo lotchinga kumbuyo kwa mipando lisachotsedwe pofuna malo. Ngati njinga sikukwana m'litali, iyikeni mopingasa. Zolemera zikhale pansi, kutsogolo kwa magudumu akumbuyo, zomangidwa panjanji yapakhoma. Zisoti, majombo ndi majekete zipite m'mwamba, pa mbedza kapena m'maneti, pomwe mpweya ungaziwumitse. Mashelefu amatabwa amadya mpata wa mahandulo, choncho ine ndimakonda mabokosi apulasitiki osanjikizana omwe ndimatulutsa njinga yachiwiri ikalowa.

Chigubu cha petulo cha malita 20 chimalemera makilogalamu opitirira 15, ndipo chimafuna malo akeake pafupi ndi chitseko, choyimirira, chomangidwa, kutali ndi batire ndi mawaya. Nthunzi ya petulo imalemera kuposa mpweya, imatsikira pansi, ndiye kabowo kotulutsira mpweya kadenga kokha sikakwanira. Bowolani kena pansi, kukona yakumbuyo, ndipo ngati njinga yanu ili ndi kampopi ka petulo, katsekeni musanayikweze.