Kupanganso gogo kapena kubwerera m'mbuyo?

Achinyamata olemba nthano ku Kasungu akukangana: nthano yawo ipulumutse bwanji rongorongo, zilembo zozokota pamatabwa za pachilumba cha Rapa Nui, m'nyanja ya Pacific, zimene palibe amatha kuziwerenga lero?

Ena akuti asayansi atenge fupa la mkulu wakale n'kupanga munthu wofanana naye, poti mu 1996 asayansi anapanga nkhosa yotchedwa Dolly kuchokera ku selo la nkhosa ina. Ine ayi. Mwanayo adzatengera mphuno ndi khungu la gogoyo, koma m'mutu simudzakhala chilembo n'chimodzi chomwe. Adzamuphunzitsa ndani?

Makina obwerera ku nthawi yakale ndiwo andigwira mtima. Mtsikana wa m'nthanoyo akafike pachilumbapo chaka cha 1862 chisanathe, zombo za ku Peru zisanayambe kugwira anthu ukapolo, akakhale pansi ndi wozokota matabwa, aphunzire. Povuta ndi pobwerera: angochoka osawachenjeza?